Chitseko cha Mahinji Atatu

Kapepalako kanafika ku shedi kwake katakulunga misomali. Mayi Tchizulo anakhuthula misomaliyo pa benchi, nati akataye kapepalako mu utuchi, koma dzanja linaima lokha. Panali chithunzi cha chitseko, ndipo chitseko chimenecho ankachidziwa kuposa nkhope ya mwamuna wake.

Dzina la Tchizulo anamupatsa ndi akalipentala anzake a kumsika, chifukwa pakamwa pake pankasema ngati chida chomwecho. Anali mayi wa zaka makumi asanu, wamapewa otambalala, wopanga makabati ndi mabedi, ndipo pa nkhani yopachika chitseko panalibe womuposa. Anawerenga kapepalako kawiri. A khonsolo ankaitana anthu Loweruka m'mawa kuti adzayende wapansi m'komboni yakale ya fakitale ya nsalu, aone mmene antchito ankakhalira kalelo. Ulendowo ukathera pa Nambala Wani, nyumba ya akapitawo a komboni, pomwe adzavundukule chikwangwani chowalemekeza. Pansi pa chithunzicho analemba kuti chitseko chokongolachi anachipanga akapitawo ndi manja awo.

Manja ake ati? Munthu amene akagwira hamala ankadzimenya chala.

Mayi Tchizulo anabadwira m'komboni imeneyo, m'nyumba nambala 46. Bambo ake anali kalipentala wa kampani. Zitseko zonse za m'komboni zinali za matabwa a mabokosi obweretsera makina, zopyapyala, za mahinji awiriawiri. Bambo ake okha anadzipangira chawo masana a Lamulungu, ndi zidutswa za matabwa ofiira olimba zotsala ku maofesi, ndipo chinalemera kwambiri moti anachiika mahinji atatu. M'mphepete mwake, mbali yamkati, ankasemamo timizere chaka chilichonse pamene pafika mutu wa mwana aliyense.

Kampaniyo inali ndi lamulo limene silinalembedwe papepala lililonse. Wantchito akamwalira kapena akachotsedwa, banja lake linkapatsidwa masiku asanu ndi awiri kuti lisamuke, ndipo m'mawa wa tsiku loyamba ankazula chitseko kuti wina asayese kuzengereza. Akapitawo ankaima chapatali manja ali kumbuyo, womasula masikuluwu anali kalipentala. Masiku oterowo bambo ake ankabwera kunyumba osayankhula, chakudya n'kungochiyang'ana.

Ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, bambo ake anagwa padenga la fakitale n'kufera pomwepo. Litacha tsiku lotsatira maliro, akapitawo anafika. Kalipentala panalibe, ndiye anagwira okha ntchitoyo ndi chitsulo chachitali chozulira misomali, felemu n'kung'ambika mpaka pansi. Inali nyengo yozizira. Mayi ake anapachika pakhomo bulangete lokhalo lomwe anali nalo, ana n'kumafunda masaka. Mlongo wake wamng'ono, wa zaka zitatu, anayamba kutsokomola tsiku lachisanu, ndipo anamwalira ndi chibayo kwa amalume awo mwezi usanathe.

Kuyambira pamenepo Mayi Tchizulo sanapondenso m'komboni muja. Chitsekocho ankaganiza kuti chinadyedwa ndi chiswe ku sitolo ya kampani. Chakukhosi anachisunga zaka makumi anayi ndi chimodzi, ndipo sichinachepe ngakhale pang'ono. Loweruka analongedza sikuludiraiva yaikulu ndi kabotolo ka oyilo m'chikwama cha m'manja, navala diresi lake la kutchalitchi.

Anthu anasonkhana pageti la fakitale, yomwe inatsekedwa kalekale ndipo inasanduka mosungira matayala. Analipo ngati makumi atatu. Ambiri anali ophunzira a zomangamanga, mafoni ali m'mwamba, ena anali azimayi a zipewa zoteteza dzuwa, kuphatikiza abwana awiri a khonsolo ovala masuti. Wotsogolera ulendo anali mwana wamkazi wa akapitawo, wojambula mapulani a nyumba, wa magalasi ndi tepi yoyezera yolendewera m'chiuno. Kapepala kaja analemba ndi iye. Pambali pake panali akapitawo eniake, atakalamba n'kufupika, atavala jekete ndi chipewa, ndodo ili m'manja. Mayi Tchizulo anawazindikira ndi kaimidwe. Dzanja lopanda ndodo linali lidakali kumbuyo.

Anabwera atakonzeka kudana ndi mwanayonso, koma mayi wa mapulaniyo ntchito yake ankaidziwa, ndipo zimenezi zinamukwiyitsa kwambiri. Anawaonetsa mmene nyumba zinamangidwira m'mizere, khumi ndi ziwiri mbali ino, khumi ndi ziwiri mbali inayo, zitapatsana misana pa khoma limodzi kuti kampani isawononge njerwa. Anawalowetsa m'nyumba ina yopanda munthu kuti ayese okha ndi mapazi, anayi mulitali, atatu mulifupi, kuchipinda ndi pabalaza pomwepo. Anawalozera chumuni chimodzi cha mabanja awiri, tibowo ta mpweya ta njerwa zopingasa pansi pa malata, ndi mpopi umodzi pa mzere uliwonse, pomwe simenti inachita kudyeka ndi matako a ndowa. Ophunzirawo ankajambula chilichonse, ngakhale zimbudzi zakale za kumapeto kwa mzere, ngati kwawo kulibe zimbudzi.

Anthu okhalamo masiku ano ankangowayang'ana ali pa makonde, wina akuchapa, wina akukonza njinga. Nyumba zina anaziwonjezera tizipinda ta malata, zina anazipaka utoto wobiriwira, koma fungo la ngalande ya pakati linali lomwe lija. Mapazi a Mayi Tchizulo ankadziwa okha pamene pali mwala wotuluka m'njira.

Atafika pa msewu waukulu wa pakati, mayi wa mapulani anafotokoza kuti anauwongola chonchi kuti mphepo iziyenda bwino. Mayi Tchizulo anatsonya chamumtima. Msewuwo anauwongola kuti munthu atakhala pakhonde la Nambala Wani aziona aliyense wochedwa kutuluka belu la fakitale likalira. Koma sanabwere kudzakangana za msewu.

Akapitawo ankathirira ndemanga paliponse, ndipo anthu ankawakonda. Ankati nthawi yawo m'komboni simunkagwa ngakhale kachitsotso ka fodya. Ankati ana onse a muno ankawatcha bambo. Akanena kanthu anthu ankaseka, iwo n'kumakonza chipewa.

Mtsikana wina wa maso akuthwa ndiye anafunsa za mabowo. Anaona kuti pafelemu ya nyumba iliyonse, pamalo a mahinji, pali timabowo tambiri toyandikana, pena tinayi, pena tokwana khumi ndi tiwiri, tina totsekedwa bwinobwino ndi timitengo. Mayi wa mapulani anamwetulira ngati mphunzitsi wofunsidwa funso lomwe amaliyembekezera. Anati bambo ake anamuuza kuti zitseko ankazichotsa chaka ndi chaka kukazipaka utoto, ndipo pozibwezera ankaboola pena poti mabowo akale ankakhala atakula.

"Ukhondo unali patsogolo," anatero akapitawo. "Kampani inkasamala anthu ake."

Mayi Tchizulo anafinya chikwama chake mpaka sikuludiraiva inamubaya m'nthiti. Bowo lililonse pamenepo linali banja, ndipo ena mwa mabanjawo akanatha kuwatchula. Apa panatuluka mayi wa mapasa, mwamuna wake atadulidwa mkono ndi makina. Apo panatuluka mlonda amene anagona pantchito kamodzi kokha. Koma nthawi yake inali isanakwane. Anafuna pamalo pamene anthu onse ataima, abwana a khonsolo atatsegula makutu, ndipo mkuluyo alibe kothawira.

Nambala 46 inali m'mzere wachinayi. Tsopano munkakhala mayi wogulitsa makala, ndipo pakhomo panali chitseko cha malata chomangirira ndi waya. Mayi wa mapulani anaimitsa gulu n'kunena kuti nyumba iyi imamuzunguza mutu. M'komboni yonse, felemu yake yokha ndiyo inali ndi malo a mahinji atatu, osemedwa mwaluso kwambiri, koma felemu yomweyo inali yong'ambika kuchokera pakati mpaka pansi, yophatikidwa ndi kachitini. Anati anayeza n'kulemba zonse m'kabuku kake, koma sanapeze chifukwa chake. Anatembenukira kwa bambo ake.

Akapitawo anasuzumira, n'kugogoda felemuyo ndi ndodo. Anati akukumbukira, munkakhala chidakwa china chomwe chinkathyola chitseko chikabwera kokamwa, mpaka kampani inatopa nacho. Anthu anaseka.

Bambo ake a Mayi Tchizulo sanalawepo mowa moyo wawo wonse. Mwana wawoyo akanakhala ndi hamala m'manja nkhani ino ikanathera kupolisi. Anayang'ana pansi, pa sitepe yomwe mlongo wake ankakhalapo akuseweretsa zidutswa za matabwa. Kenako anafunsa mayi wa mapulaniyo mwaulemu wonse ngati miyeso ya mahinjiyo ili m'kabuku komweko kali m'manjako. Anayankha kuti ili momwemo. Mayi Tchizulo anati zikomo.

Nambala Wani inali pamwamba pa msewu, yokhayo yoima payokha, ya zipinda zitatu ndi khonde lalikulu la zipilala. Akapitawo anaigula fakitale itatsekedwa ndipo ankakhalabe momwemo. Pakhoma panali chikwangwani chokutidwa ndi nsalu yoyera. Ndipo chitseko chinali pomwepo, chofiira, chonyezimira ndi vanishi, mapanelo ake anayi ali chilili ngati anachipanga dzulo. Mayi Tchizulo anachiona n'kumva misozi ikubwera, koma anaibweza, chifukwa munthu wolira anthu amamumvera chisoni m'malo momumvera mawu.

Bwana wamkulu wa khonsolo anatulutsa pepala m'thumba n'kuyamba kutsokomola kokonzekera. Asanathe kupereka ulemu kwa alendo, Mayi Tchizulo anakwera masitepe n'kukaima pafupi ndi chitseko.

"Pepani abwana, ine ndine kalipentala. Ndimati mayiwa atiyezereko mahinji a chitseko ichi musanavundukule nsaluyo."

Bwanayo anayang'ana mnzake. Mayi wa mapulani anaseka pang'ono, poganiza kuti ndi mlendo wokonda matabwa, n'kumasula tepi. Anatsegula chitsekocho n'kugwada. Mahinji anali atatu. Anayeza kuchokera pamwamba kufika pa loyamba, kuchokera pa loyamba kufika pa lachiwiri, n'kuima. Anatsegula kabuku kake, n'kuyezanso. Mayi Tchizulo anamulozera felemu ya Nambala Wani, yomwe inali ndi malo osemedwa awiri okha ngati nyumba zina zonse, ndipo ngakhale awiriwo sankagwirizana ndi mahinji. Onse atatu anangokhomedwa pamwamba pa thabwa, lapakatilo ndi misomali yopindika. Anamulozeranso kathabwa kena komwe anaphatika pansi pa chitseko kutseka mpata, chifukwa chitsekocho anachidulira khomo lalifupi.

Mayi wa mapulaniyo anabadwa chitsekocho chili kale pamenepo, ndipo anachitsegula moyo wake wonse osachiyeza. Munthu sayeza chitseko cha kwawo. Ananena motsitsa mawu, koma a patsogolo anamva, kuti miyesoyo ndi ya nambala 46.

Pamenepo Mayi Tchizulo anayamba. Sanakuwe. Anayankhula ngati akuuza kasitomala mtundu wa thabwa. Anawauza za masiku asanu ndi awiri, za m'mawa wa tsiku loyamba, ndi chifukwa chimene mafelemu a m'komboni ali ndi mabowo ambiri pamene ya Nambala Wani ilibe. Anafunsa ngati chitseko cha akapitawo chokha sichinkafuna utoto. Anawauza za mayi wa mapasa ndi mlonda uja, za denga la fakitale, za chitsulo chozulira misomali ndi bulangete. Kenako anatembenuza chitseko kuti m'mphepete muonekere kunja, n'kuika chala pa timizere tomwe vanishi anatikwirira koma sanatifafanize. Tinali m'magulu awiri. Gulu loyamba linkakwera mpaka pachifuwa pake. Linalo linali la timizere titatu tokha, ndipo linathera pansi pa chiuno chake.

"Awa ndi ine. Awa ndi mlongo wanga. Sanapitirire apa."

Mayi wa mapulani anati iye ankayesa ndi zokongoletsa. Mafoni onse anali atatembenukira pakhonde, ndipo anthu a m'mizere yapafupi anali atayamba kubwera, mayi wa makala uja ali patsogolo.

Akapitawo sanagwe mphwayi msanga, anthu otere sagwa msanga. Anasuzumira nkhope ya mayiyo nthawi yaitali, n'kugwedeza mutu ngati apeza chomwe amafuna.

"Ndakudziwa. Ndiwe mwana wa kalipentala. Ndiye uwauzenso anthuwa kuti ankamasula zitseko ndani. Ine sindinagwirepo sikuludiraiva. Anali bambo ako."

Mayi Tchizulo ankadziwa kuti mawu amenewa adzabwera. Ndi amene anamulepheretsa kunena nkhaniyi kwa zaka zonsezi, ngakhale kwa ana ake, omwe ankangodziwa kuti agogo awo anali mmisiri wabwino. Anamva manyazi, ndipo manyaziwo anamuwawa kuposa mkwiyo. Koma sanayende ulendo wonsewu kuti adzathawire pa sitepe yomaliza.

"Zoona, akapitawo. Mabowo onse aja ndi a bambo anga, ndipo anthu a muno ali ndi ufulu wowatukwana. Iwo ankamasula inu mutaima kumbuyo, kenako ankatseka mabowo ndi timitengo kuti wobwerayo apeze felemu yabwino. Ntchito ya manja anu m'komboni muno ndi imodzi yokha, ndipo mwationetsa nokha ndi ndodo. Mwati felemu ija chinaing'amba ndi chidakwa."

Dzanja la mkuluyo lija lakumbuyo linabwera kutsogolo kudzathandiza linzake kugwira ndodo.

Mayi Tchizulo anatsegula chikwama. Anadontheza oyilo pa sikuluwu iliyonse, kuyambira hinji lapansi, monga bambo ake ankachitira, chifukwa ukayamba lapamwamba chitseko chimakugwera. Bwana wa khonsolo anayandikira n'kunena kuti chitsekocho tsopano ndi chinthu cha mbiri yakale, sichingachotsedwe popanda chilolezo, pali ndondomeko yake. Mayi Tchizulo anamufunsa, osatembenuka, kuti chilolezo chochichotsera pa nambala 46 anachisunga mu ofesi iti. Wina kumbuyo anaseka mokweza, ndipo bwanayo anabwerera pomwe anaima, pepala lake lili m'manja.

Masikuluwu a pansi anatuluka bwino. Misomali yopindika ya pakati anachita kuitokosa, akutukwana chamumtima amene anaikhoma. Atafika pa hinji lapamwamba, chitseko chinayamba kupendekeka, ndipo anadziwa kuti yekha sachitha, chifukwa munthu sangamasule ndi kuchirikiza nthawi imodzi. Anayang'ana gulu lija. Ophunzira onse anali ndi mafoni m'manja. Amene anaika kabuku pansi n'kudzagwira anali mayi wa mapulani. Anakumbatira chitsekocho ndi manja awiri, tsaya lake litatsamira pa vanishi, magalasi atapendekeka, osayang'ana bambo ake.

Sikuluwu yomaliza itatuluka, anachitsitsa awiriwo n'kuchitsamiritsa pa chipilala. Nyumba ya akapitawo inangoti yasa. Aliyense pamsewu ankatha kuona mpando wawo wa khushoni, wailesi pa kabati, ndi chidebe chomwe chinali pakhomo la kuchipinda. Mphepo ya nyengo yozizira inakwera msewu wowongoka uja, n'kulowa, n'kugwetsa kalendala pakhoma.

Akapitawo anayang'ana khomo lawo, n'kuyang'ana mwana wawo, n'kuyang'ananso khomo. Mawu awo anatuluka aang'ono, a nkhalamba yeniyeni.

"Nanga ine ndigona bwanji, kuzizira kumeneku?"

Mayi Tchizulo anali akupukuta sikuludiraiva ndi kansalu. Analingalira za chifuwa cha munthu wa zaka makumi asanu ndi atatu, ndipo anafufuza chisoni mumtima mwake moona mtima, koma sanachipeze.

"Mupachike bulangete," anatero. "Amayi anga anatero."

Anatola masikuluwu onse n'kuwaika m'chikwama, poti nawonso anali a bambo ake. Mayi wa makala anamuthandiza kusenza. Chitsekocho chinali cholemera kuposa mmene ankakumbukira, khosi linachita kulira, koma anatsika masitepe osagwedezeka, anthu n'kumupatukira. Nsalu yoyera ija inali idakali pa chikwangwani, ndipo palibe amene ankaiyang'ana. Kumbuyo anamva mayi wa mapulani akufunsa bambo ake, ndi mawu osanjenjemera, kuti mabowo khumi ndi awiri a pa nambala 19 anali a ndani ndi ndani.

Anatsika msewu wapakati pang'onopang'ono, kuti wokhala pakhonde la Nambala Wani amuone mpaka kumapeto. Mtima wake unali kukoma, ndipo sanadzibisire. Dzanja lake lamanja linagwira m'mphepete mwa chitseko, ndipo chala chinapeza chokha timizere titatu tija n'kukhala pomwepo mpaka anatuluka pageti.